Tisanabzale mtengo, tifunse kuti udzamwa madzi a yani

Caka ciliconse mvula ikakhazikika, dziko lino limalowa m'mwezi wobzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala kufikira pa 15 Januwale. Timaona akuluakulu a boma, ansembe, abusa ndi ana a sukulu atagwira makasu, mbande zili m'manja, ojambula zithunzi ali pambali. Nchitoyi ndi yabwino ndipo nyuzipepala ino iivomereza ndi mtima wonse, pakuti aliyense woturuka mu Lusaka kulowera ku Mumbwa kapena ku Chongwe amadzionera yekha matumba a malasha ali ndandanda m'mbali mwa mseu, ndipo adziwa kumene mitengo yathu ipita. Koma pali funso limene sitimalimva pa misonkhano yotere, ndipo tifuna kuti awerengi athu alifunse asanakumbe dzenje: mtengo uwu ukakula udzamwa madzi oculuka bwanji, pa nyengo iti, ndipo madziwo ndi a yani?

Tifunsa cotere cifukwa ca nkhani ziwiri zimene timazimva kawirikawiri. Ku Kanyama, ku Chawama ndi ku George, kumene madzi amalowa m'nyumba dzinja lililonse, alipo anthu amtima wabwino amene amati tibzale bulugamu ponseponse kuti amwe madzi osefukirawo. Kwa alimi a m'mbali mwa mzinda timamvanso zosiyana, zakuti bulugamu ndi mfiti ya madzi, aumitsa zitsime, ndipo ayenera kudulidwa yense. Onse awiri agwira mbali ina ya coonadi, koma kutsatira mmodzi wa iwo mosaganiza kungatitayitse ndalama ndi madzi omwe. Kuti timvetse, tiyenera kuyamba tayang'ana tsamba.

Pa tsamba lililonse, makamaka kunsi kwake, pali timabowo tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso. Pa kamalo kocepa ngati mutu wa phini pamakhala timabowo mazanamazana. Akatswiri amatichula kuti stomata, mau ocokera ku Cigiriki otanthauza pakamwa, ndipo dzinali ndi loyenera cifukwa kabowo kalikonse kali ndi timilomo tiwiri timene timatsegula ndi kutseka. Mtengo umatsegula timabowoti kuti ulowetse mpweya wa kaboni, umene tsamba limausakaniza ndi madzi pogwiritsa nchito kuwala kwa dzuwa kuti lipange cakudya. Cakudya cimeneci ndico cimasanduka thunthu, nthambi, mango ndi mapulanga. Bvuto ndi lakuti khomo limene mpweya ulowera ndi lomwelo limene madzi aturukira. Timabowo tikangotseguka, madzi a m'tsamba amayamba kuuluka ngati nthunzi, ndipo mizu imakoka ena m'nthaka kuti alowe m'malo. Pa malita 100 alionse amene mizu yakoka, oposa 95 amathera mumlengalenga. Kuti mtengo uwonjezere kilogalamu imodzi ya thupi lake louma, umataya malita mazana angapo a madzi.

Amene akayika ayese okha. Tengani pulasitiki yoonekera mkati, mubvalike kanthambi ka mango kapena ka gwafa kamene kali padzuwa, mumange pakamwa pake m'mawa. Pofika masana mudzapeza madzi atadikha pansi pa pulasitikiyo. Aphunzitsi a m'masukulu a mipingo angaonetse ana zimenezi popanda kutaya ngwee.

Tinganene kuti mtengo umagula mpweya polipira madzi, ndipo mtengo wa malonda amenewa susiyana ndi wa pa msika wa Soweto, umakwera ndi kutsika. M'mawa kukali kozizira ndi kwa cinyontho, tsamba limalandira mpweya wambiri potaya madzi ocepa. Masana a mu Okutobala, mpweya ukatentha ndi kuuma, madzi amauluka msanga monga momwe zobvala zimaumira msanga pa cingwe, cotero mtengo umalipira madzi ambiri pa cakudya comweco. Mphepo imaonjezera kutayako. Nthaka ikauma, mizu imatumiza cizindikiro kumasamba ndipo timilomo timatseka. Mtengo umapulumuka, koma pa maola onse amene watseka sukula. Mlimi aliyense anaonapo cimanga cikupinda masamba dzuwa likakhala paliwombo, ndiko kudziteteza komweko. Conde ca nthaka ciwerengedwanso. Tsamba la mtengo wa pa nthaka yabwino limapanga cakudya cambiri pa kutsegula kumodzi, pamene la pa nthaka yoguga limataya madzi omwewo nkupindula pang'ono. Ngakhale pfumbi la m'miseu ndi la kumene aphwanya miyala likamatirira pa masamba, limasokoneza nchito ya timabowoti.

Zomera nazo zisiyana. Cimanga, mapira ndi nzimbe zili ndi njira yosunga mpweya mkati mwa tsamba, motero zimataya pafupifupi theka la madzi amene mpunga kapena nyemba zimataya popanga cakudya cofanana. Cinanazi ndi khonje zimatsegula timabowo usiku ndi kutseka masana. Mitengo ya matabwa ndi ya zipatso zathu ilibe nzeru zimenezi, imadalira kutsegula ndi kutseka basi. Akatswiri apezanso kuti pamene mpweya wa kaboni waculuka mumlengalenga, kucoka pa magawo 280 pa miliyoni mafakitale asanayambe kufika pa oposa 420 masiku ano, mitengo yambiri siitsegula kwambiri timabowo monga kale. Wina angaganize kuti tsono mitengo idzatisiyira madzi, koma kutentha kumene kwabwera ndi mpweya womwewo kumaumitsa mlengalenga ndi kudya phindu lija.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya bulugamu. Akatswiri a nkhalango akanena kuti bulugamu agwiritsa nchito madzi mosamala, sanama. Pa lita iliyonse imene wamwa, amapereka thabwa lambiri kuposa mitengo ina yambiri. Koma kupindula pa lita imodzi ndi kuculuka kwa malita onse ndi zinthu ziwiri zosiyana. Basi yaikulu yopita ku Chipata imatentha mafuta ocepa pa munthu mmodzi kuposa galimoto yaing'ono, koma ikaima pomwera mafuta imamwa oculuka. Bulugamu amakula msanga, sagwetsa masamba m'cirimwe, ndipo mizu yake imatsika pansi kwambiri kukafuna madzi. Munda wa bulugamu wokhwima, pamalo pamene madzi apezeka, ungathe kutaya madzi ofanana ndi mvula yoposa mamilimita 1,000 pa caka. Mvula ya Lusaka imakhala pafupi ndi mamilimita 800. Kusiyana kumeneku mtengo umakulipira ndi madzi a pansi pa nthaka, omwe aja timatunga pa citsime ndi pa mjigo.

Izi sizongoganizira. Ku South Africa anayamba kuyeza madzi a m'mitsinje ya m'minda ya mitengo ku Jonkershoek m'caka ca 1935. Pamalo ochedwa Mokobulaan, m'cigawo cimene lero ndi Mpumalanga, anabzala bulugamu pa cidikha conse ca kamtsinje kena mu 1969. Pa caka cacitatu madzi anayamba kucepa, pa caka ca 9 kamtsinjeko kanaumiratu, ndipo atadula mitengoyo ili ndi zaka 16, panapita zaka zina zisanu kuti madzi ayambenso kuyenda caka conse. Ndiye cifukwa cake lamulo la madzi la dzikolo la 1998 limaika minda ya mitengo ya malonda m'gulu la nchito zocepetsa madzi a m'mitsinje, ndipo wofuna kubzala munda wotere ayenera kutenga cilolezo. Ku Kenya, mu 2009, nduna ya za cilengedwe John Michuki inalamula kuti bulugamu azulidwe m'mphepete mwa mitsinje ndi m'madambo, ndipo malangizo a kumeneko amati asabzalidwe pafupi kuposa mamita 30 kucokera pa madzi.

Sitinena kuti bulugamu ndi paini ndi adani. Mizati ya magetsi, milimo ya nyumba ndi mapulanga amene akalipentala a ku Kalingalinga ndi ku Buseko amagwiritsa nchito zimacokera ku mitengo imeneyi, ndipo mtengo uliwonse wodulidwa m'munda wobzala wapulumutsa wina wa m'chire. Koma tione kumene dziko lino linaika minda yake yaikulu. Minda ya ZAFFICO ya Ndola, Chati, Ichimpe ndi Lamba, ya mahekitala pafupifupi 50,000, ili ku Copperbelt, kumene mvula imaposa mamilimita 1,200 pa caka. Cimene cikhala bwino ku Kalulushi sindico cidzakhala bwino ku Lusaka West kapena ku Shimabala.

Nanga bwanji za kuumitsa Kanyama ndi bulugamu? Tiwerengere pamodzi. Mvula ya mamilimita 50, imene ingagwe usiku umodzi mu Januwale, ikagwa pa poloti ya mamita 20 m'litali ndi 20 m'lifupi imasiya malita 20,000, ndiwo madiramu 100 a malita 200. Mtengo waukulu ndithu, pa tsiku lotentha, umamwa malita 100 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo wapakati umamwa makumi angapo cabe. Onjezani apo kuti masiku a mvula kumwamba kumakhala mitambo ndi cinyontho, ndiyo nthawi imene madzi sauluka msanga pa tsamba. Mtengo umamwa pang'ono pamene tifuna kuti umwe kwambiri, ndipo ludzu lake limakula mu Seputembala ndi Okutobala, pamene amai ali pa mzera ndi zigubu kuyambira m'bandakuca. Kanyama ndi makomboni oyandikana naye anamangidwa pa thanthwe la laimu lokhala ndi mapanga ndi ming'alu, pamalo a cidikha, ndipo m'dzinja madzi a pansi amakwera kufika pamwamba. Akuluakulu akumbukira cigumula ca 1978 cimene cinagwetsa nyumba zambiri kumeneko. Madzi saiwala khwawa, ndipo cimene cimawacotsa pakhomo ndi ngalande yokumbidwa bwino ndi yosatsekedwa ndi zinyalala.

Alipo amene amachula amonke a ku Tre Fontane pafupi ndi mzinda wa Rome, amene anabzala bulugamu wambiri m'zaka za m'ma 1870 pofuna kuumitsa madambo ndi kuthamangitsa malungo. Ndi zoona kuti mitengo yambiri pa zaka zambiri imatsitsa madzi a pansi. Koma malungo sanathe ndi mitengoyo, ndipo madambo akulu a kufupi ndi Rome anauma pambuyo pake ndi ngalande ndi makina opopa madzi. Komanso amonke anali ndi malo a cabe, pamene ife tili ndi nyumba zothithikana, zimbudzi zokumba ndi zitsime zosaya pabwalo limodzi. Mizu ya bulugamu imaswa maziko ndi zimbudzi, ndipo nthambi zake zimathyoka ndi mphepo pa malata a anthu osauka. Tisaiwale kuti kolera ya 2017 ndi 2018 inagwira anthu pafupifupi 5,900 ndi kupha oposa 100, ambiri a iwo m'makomboni a Lusaka, ndipo ya 2023 ndi 2024 inagwira oposa 20,000 ndi kupha oposa 700, mpaka bwalo la National Heroes linasanduka cipatala. Tidzakhala tikudzinamiza tikalola kuti mbande zogawidwa pa mwambo zilowe m'malo mwa ngalande, zimbudzi zabwino ndi madzi a m'mipopi. Ngalande ya Bombay, imene inakonzedwa ndi thandizo la dziko la America pakati pa 2013 ndi 2018, inaonetsa kuti nchito yotere itheka pakakhala ndalama ndi cifuniro.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi cilala. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, cimanga ca mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi citapserera. Caka cimeneco mijigo yambiri inatsika ndipo magetsi anasowa cifukwa ca kucepa kwa madzi ku Kariba. Mzinda wa Lusaka, umene kalembera wa 2022 anapeza kuti uli ndi anthu oposa 2 miliyoni, umamwa madzi a mitundu iwiri, ocokera ku mtsinje wa Kafue ndi a pansi pa nthaka, ndipo a pansiwo ndi gawo lalikulu. Mlimi amene abzala mahekitala asanu a bulugamu pamutu pa dambo satenga madzi ake yekha. Atenga a mnansi wa kumunsi amene alima repu ndi tomato, ndi a ng'ombe za m'mudzi wonse.

Mitengo ya makolo athu inazolowera nyengo ya kuno. Mitengo yambiri ya m'chire la miombo imagwetsa masamba m'cirimwe, ndipo mtengo wopanda masamba ulibe timabowo totayira madzi. Masamba ogwawo amaphimba nthaka ndi kuthandiza kuti mvula ilowe pansi m'malo mothamanga pamwamba. Ndiye cifukwa cake anthu ambiri anadandaula pamene zigawo za nkhalango ya Lusaka East, yodziwika ndi nambala 27, zinacotsedwa pa citetezo ca boma kuyambira mu 2017 kuti pamangidwe nyumba, pakuti kumeneko ndiko kucokera mtsinje wa Chalimbana umene umathira mu Chongwe. Kudula nkhalango yacilengedwe pa gwero la mtsinje ndi kubzala bulugamu kwina sikubweza cimene catayika, ngakhale ciwerengero ca mitengo cifanane.

Alimi ali ndi bwenzi lina, msangu, umene ena amati musangu. Mtengowu umacita zosiyana ndi inzake: umagwetsa masamba mvula ikayamba ndi kuphuka m'cirimwe. Motero pa nthawi imene cimanga cifuna madzi ndi dzuwa, msangu suli kupikisana naco, ndipo masamba ake amasanduka manyowa. Bungwe la Conservation Farming Unit linaphunzitsa alimi kubzala misangu 100 pa hekitala, motalikirana mamita 10. Nawonso umamwa madzi a pansi m'cirimwe, sitibisa, koma mitengo 100 pa hekitala siifanana ndi munda wa bulugamu wa mitengo yoposa 1,000 pa malo omwewo. Ku Msekera ku Chipata akatswiri anagwira nchito zaka zambiri ndi alimi pa mitengo yobwezera conde monga gliricidia, imene imadulidwa kawirikawiri, ndipo kudulako kumacepetsa masamba omwa madzi pa nthawi ya mbeu.

Tsono pempho lathu ndi ili. Kwa alimi a ku Chongwe, Kafue, Chilanga ndi Chibombo, ndi abale athu a kum'mawa amene afuna nkhuni zowambira fodya: bzalani bulugamu pa mtunda, pa nthaka imene simulimapo, kutali ndi dambo, kasupe, mtsinje ndi citsime. Mamita 30 a ku Kenya akhale poyambira cabe, ndipo pa gwero la madzi musabzalepo konse. Musathithikize mitengo, ndipo ikakula patulirani, pakuti madzi amene munda umamwa amayenda ndi kuculuka kwa masamba ake. Funsani mnansi wa kumunsi musanabzale. Safunsa anadya phula.

Kwa okhala m'makomboni: pabwalo laling'ono payenera mtengo wa zipatso ndi mthunzi, monga mango, gwafa, ndimu, papaya, kotapela kapena camwamba, wobzalidwa kutali ndi cimbudzi, khoma ndi mapaipi, makamaka ku Matero ndi ku Mtendere kumene kuli mapaipi ocotsa zonyansa. Mthunzi wa mtengo umodzi umaziziritsa nyumba ya malata, ndipo mbali ina ya kuzizirako imacokera ku nthunzi yomwe ija ya m'timabowo, cotero madziwo sanapite pacabe. Bzalani mvula itakhazikika mu Disembala kuti mizu itsike cirimwe cisanafike. M'cirimwe thirirani m'mawa kapena madzulo, ndi madzi otsukira mbale kapena osambira ngati alibe sopo wambiri, ndipo phimbani tsinde ndi udzu kapena masamba. Kuthirira kwambiri kamodzi kapena kawiri pa sabata kuposa kuwaza pang'ono tsiku lililonse, cifukwa kumaphunzitsa mizu kutsika. Amene asunga nazale acepetse madzi ndi mthunzi pang'onopang'ono masabata omaliza, kuti mbande izolowere kutseka timabowo isanapite kumunda.

Kwa mipingo: maparishi ambiri ali ndi malo akulu kuposa banja lililonse, ndipo mau a ku guwa amamveka. Kalata ya Papa Francis ya Laudato Si' ya 2015 inadzutsa magulu ambiri osamalira cilengedwe, ndipo mipingo ina nayo ili ndi magulu ake. Tipempha makomiti ndi miphakati kuti asalandire mbande iliyonse imene galimoto yatsitsa. Funsani dzina la mtengo, kukula kwake ndi ludzu lake. Sankhani munthu wosamalira mtengo uliwonse, ndipo pa 15 Disembala wa caka camawa muwerenge mitengo imene ili moyo, osati imene inabzalidwa.

Kwa boma: Dipatimenti ya Nkhalango, unduna wa za cilengedwe umene unakhazikitsidwa mu 2021, bungwe la WARMA ndi khonsolo ya Lusaka ayenera kukhala pamodzi ndi kuturutsa m'Cinyanja ndi zilankhulo zina ndandanda yosabvuta, yonena mitengo yoyenera dera lililonse ndi malo oletsedwa. Kuyambira mu 2018 wokumba mjigo alamulidwa kulembetsa kwa WARMA. Nkosamveka kuti mjigo wa banja limodzi ulembedwe m'kaundula pamene munda waukulu wa bulugamu, umene ungamwe madzi oposa a mijigo yambiri ya pakhomo, ubzalidwa pa gwero la mtsinje popanda wofunsa. Lamulo la madzi la 2011 ndi la nkhalango la 2015 alipo, ndipo aphungu athu aone ngati ali ndi mphamvu zokwanira pa nkhaniyi.

Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Mbande imene mwana wa sukulu anyamula ndi dzanja limodzi lero idzakhala ikukoka madzi pamalo pomwepo zaka 30 zikubwerazi, iye ali ndi banja lake ndi citsime cake. Tibzale mitengo yambiri caka cino kuposa caka catha, koma dzenje lililonse likumbidwe titadziwa mtengo umene ulowamo ndi madzi amene ali pansi pake.